Mizati ya Anthu a Asmat

Kum'mawa kwa dziko la Indonesia, ku gombe la kumwera kwa cisumbu ca New Guinea, kukhala mtundu wa anthu ochedwa Asmat. Dziko lao ndi la matope ndi mitsinje yokhayokha. Mwala mulibe, kotero kuti nkhwangwa za mwala anali kuzigula kwa anthu a kumapiri; koma mitengo njambiri. Nthano yao iti anthu oyamba anasemedwa ndi Fumeripits, amene anawaombera ng'oma kufikira anadzuka nabvina. Cifukwa cace mmisiri wosema alemekezedwa kwambiri pakati pao.

Nchito yao yoposa zonse ndiyo mzati wochedwa bisj. Amuna anali kugwetsa mtengo wa mizu yaikulu yonga matabwa, nadula mizu yonse kusiya umodzi. Tsono anautembenuza, tsinde kumwamba, ndipo mmisiri anasema pa thunthu anthu oimirirana pamutu. Muzu wotsala uja anauboola mokongola, nukhala ngati phiko lotambasuka pa nsonga. Anaupaka coyera ca zigoba zoocha, katondo wofiira ndi makala. Mizati ina ipitirira mapazi 20 m'litali mwace.

Munthu ali yense wosemedwa pamenepo anali ndi dzina, dzina la mbale amene anafa. Pakuti kwa iwo imfa inali kudza ndi dzanja la mdani kapena ndi ufiti, ndipo mzimu sukadapumula mwazi wace usanalipsidwe. Mzatiwo unali lumbiro: atatha madyerero, amuna anakwera m'mabwato kukadula mitu ya adani. Ndipo cinthu ca nchito yaikulu cotere sanali kucisunga ai. Anacitaya m'nkhalango ya sago, mtengo wonga mgwalangwa umene uwapatsa ufa, kuti ciole ndi kulimbitsa cakudya cao.

Zonsezi zinasandulika m'zaka zowerengeka. Amishoni a Katolika anakhazikika kumeneko m'caka ca 1953. Mu 1961 Michael Rockefeller wa ku America anagula mizati ingapo. Mu November caka comweco bwato lace linagubuduzika, ndipo iye sanaonekenso. Mu 1963 dzikolo, limene kale linali m'manja mwa Holland, linalowa pansi pa Indonesia, ndipo akulu a boma latsopano, pofuna kuthetsa kudulana mitu, analetsa madyerero, natentha nyumba zosonkhaniramo amuna pamodzi ndi zosema zao. Kuletsa kupha kunali koyenera ndithu. Koma moto susankha, ndipo luso la makolo likadapsera pomwepo.

Amene anaona ngozi iyi ndiye Alphonse Sowada, wansembe wa ku America amene anakhala bishopu wa Agats mu 1969. Iye ndi anzace anasonkhanitsa zosema zotsala, natsegula nyumba yozisungiramo ku Agats mu 1973; ndipo mu 1981 anayambitsa mpikisano wa amisiri wa caka ndi caka. Anyamata anatenganso sompho, koma tsopano anali kusemera wogula, osati wakufa yekha.

Mizati ya Rockefeller iri ku New York, mu Metropolitan Museum of Art, kumene aicinjiriza ku cinyontho ndi ciswe, ngakhale oisema anafuna kuti iole. M'midzi ina madyerero a bisj anayambanso, opanda nkhondo, ndipo nthawi zina mzati, m'malo mwa kunka ku nkhalango ya sago, ukwezedwa m'ngalawa kukagulitsidwa.