Mapale a ku Kapwirimbwe ndi Manja a Amai

Sukulu ya Jeanes itacoka ku Mazabuka ndi kukhazikika pa Chalimbana m'caka ca 1939, mbiri imene ana anali kuphunzira inali ya mafumu, ya nkhondo ndi ya maulendo a Azungu. Za anthu amene anakhala m'dziko la Asoli asanabadwe mafumu okumbukika, buku linalibe mau. Koma mboni zinalipo m'nthaka: mapale a mbiya, omwe aja khasu limafukula m'munda wa sukulu, ana nagendera mbalame. Nsaru imaola, mtengo udyedwa ndi ciswe, citsulo cicita dzimbiri, koma dongo loocha silitha msanga.

Pakati pa amene anawerenga mapale amenewa panali David Phillipson, amene anayamba nchito yosunga zakale m'Zambia mu 1964. Pa Kapwirimbwe, kum'mawa kwa mzinda wa Lusaka, iye anafukula bwinja la mudzi, napezamo zigumu za nyumba zomata, zotsalira za ng'anjo yosungunulira citsulo, ndi mapale ambirimbiri. Poyesa makala a pamenepo kunaoneka kuti mudziwo unalipo m'zaka za m'ma 400, ndiko kuti zaka 1,400 Livingstone asanaone Zambezi. Mbiya zace zinali zocindikala, zolembedwa mizere yakuya ndi timakona todinda cakukamwa. Zofanana nazo zinapezeka ku Kamnama kum'mawa kwa Zambia, ku Nkope pa nyanja ya Malawi, ndi ku phanga la Chifumbaze m'dziko la Tete, kumene Carl Wiese anakumba mu 1907. Cifukwa cace akatswiri amachula banja lonse la mbiya za alimi oyambawa ndi dzina la Chifumbaze.

Cozizwitsa cinacitika m'zaka za m'ma 1000 ndi 1100. Maumbidwe akalewo analekeka, nipadza ena: mbiya zopyapyala, za khosi, zokhala ndi lamba wa timadontho todindidwa mopendeketsa ndi kanthu konga cipeso. Pa Twickenham Road, m'Lusaka momwemo, mitundu iwiriyi inapezeka motsatana. Maumbidwe atsopanowa Phillipson anawacha a Luangwa, ndipo anaona kuti anafika mpaka m'masiku ace pakati pa Asoli, Ansenga, Acewa, Alala ndi Abemba. Mtsuko wa pa citsime ndi nkhali ya mowa za m'midzi ya Chongwe ndizo zidzukulu za mbiya za zaka 900 zapitazo.

Tsono m'mitundu yonseyi woumba ndiye mkazi. Ndiye adziwa dambo kapena culu ca dongo labwino, aliponda, naumba ndi manja okha popanda gudumu lija la oumba a ku China ndi ku Ulaya, nakulungiza ndi nkhulungo, naocha pabwalo ndi nkhuni ndi makungwa. Mwana wamkazi aphunzira kwa amace kapena kwa ambuye ace, ndipo popeza m'mitundu yambiri yotere mwamuna ndiye anali kudzakhala cikamwini, luso silinali kucoka pamudzi. Kumadzulo kwa Zambia, pakati pa Aluvale ndi anansi ao, oumba anali amuna, ndipo mbiya zao zinasunga zambiri za maonekedwe akale aja. Pa ici Phillipson anaganiza kuti mbiya za ku Kapwirimbwe nazonso zinaumbidwa ndi amuna, ndi kuti kusinthako kusonyeza kufika kwa anthu otsata mbumba ya kucikazi. Ganizoli nlokoma, koma mphunzitsi alipereke monga ganizo, pakuti phale silichula mtundu kapena cinenero ca mwini wace, ndipo ena ayesa kuti anthu angasinthe maumbidwe osasamuka konse.

Mbiya za kutali nazo zinafika. Pa Mankhamba, likulu la Kalonga wa Amaravi pafupi ndi Mtakataka, Yusuf Juwayeyi anafukula zidutswa za mbale zoyera za ku China pamodzi ndi mikanda yagalasi, zobwera ndi malonda a ku nyanja yamcere. Zinali zowerengeka cabe pakati pa mulu wa mapale a amai a pamudzipo, amene anaphikira mfumu yomweyo nsima yace.

Mwa mapale onse, la kukamwa kwa mbiya ndilo linena zambiri, cifukwa pamenepo mpamene woumba anaika cizindikiro cace. Likatoledwa popanda kulemba malo ndi kuya kwace, latayika theka la umboni wace, ngakhale litasungidwa bwino m'kabati ya sukulu.