Chilwa: Nyanja Yophwa ndi Kubwerera

Nyanja ya Chilwa ikaphwa, nkhani yake imakambidwa ngati uthenga wa maliro. Mu 2018 mabwato anagona pamatope ong'aluka padoko la Kachulu, madzi atathawira kutali, ndipo ambiri ankati nyanja yatha basi. Koma mbiri ya malowa imanena zina. Chilwa inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, madzi ake anatsika kwambiri mu 2012, ndipo nthawi zonsezi inadzazanso, nsomba n'kuyambiranso kugwidwa. Kuphwa ndi chikhalidwe cha nyanjayi, ndipo zamoyo zake zonse, kuyambira matemba kufikira msodzi, zinaumbidwa ndi chikhalidwe chimenechi. Chimene chakhala chikupulumutsa Chilwa si madzi a pakati pa nyanja, koma mitsinje ndi madambo kumene zamoyo zimathawira zinthu zikavuta.

Chifukwa chake chili m'kapangidwe ka nyanjayi. Chilwa, yomwe yakhudza maboma a Zomba, Phalombe ndi Machinga mpaka kumalire ndi Mozambique, ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Mitsinje ya Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi, Phalombe ndi Sombani imathira madzi, koma wowachotsa ndi dzuwa lokha, pakuti mtunda wamchenga kumpoto unatseka njira yopita ku Nyanja ya Chiuta kalekale. Nyanjayi ndi yosaya, m'malo ambiri sipitirira mamita 3, choncho mvula ikachepa zaka ziwiri kapena zitatu zotsatizana madzi amauma. Akamauma amasiya mchere wake, ndipo otsalawo amanka nawawa. David Livingstone atafika kumeneko mu 1859 anapeza madzi ake ali amchere kale. M'madzi otere mulibe mitundu mazanamazana ya nsomba ngati ya m'Nyanja ya Malawi. Usodzi wa ku Chilwa watsamira pa mitundu itatu: matemba, mlamba ndi makumba.

Nsomba iliyonse mwa zitatuzi ili ndi njira yake yopulumukira. Mlamba uli ndi chiwalo pamwamba pa makha ake chimene chimauthandiza kupuma mpweya wa kunja, motero umakhala moyo m'chithaphwi cha matope momwe nsomba zina zimafera, ndipo pansi pakanyowa umatha kukwawa kufuna madzi ena. Matemba ndi ang'onoang'ono, amakhwima msanga ndipo amaikira mazira ochuluka. Nyanja ikayamba kuwawa amakwera mitsinje n'kukabisala m'maiwe akuya, mvula ikagwa amatsika ndi madzi osefukira n'kudzaza dambo. Makumba amayamba kuswana akadali aang'ono, ndipo nsomba yaikazi imasunga mazira ndi tiana take m'kamwa mpaka titalimba. Tizilombo ta m'madzi tomwe nsombazi zimadya timasiya mazira olimba m'dothi, omwe amadikira madzi kuti aswe. Akatswiri a Yunivesite ya Malawi anatsatira zonsezi nyanja isanaphwe, itaphwa mu 1968 ndiponso itadzaza, ndipo buku la zimene anapeza, lomwe mmodzi mwa okonza ake anali Margaret Kalk, linatuluka mu 1979. Iwo anaona kuti nsomba zinachulukanso patangopita zaka zochepa, ndipo mbewu yake inachokera m'mitsinje ndi m'madambo a njedza.

Anthu a m'mbali mwa nyanjayi anaphunzira kwa mphunzitsi yemweyo. Msodzi wa ku Chilwa sanadalirepo ntchito imodzi. Madzi akachuluka amaponya khoka la matemba, kutchera matchera ndi miono. Ena amamanga zimbowera, tinyumba toyandama pa njedza, n'kukhala komweko masabata ambiri akuwamba nsomba. Madzi akabwerera m'mbuyo, nthaka yachonde imene yatsala imasanduka madimba a mpunga, chimanga ndi ndiwo zamasamba, ng'ombe zimapeza msipu, ndipo ena amasaka mbalame za m'dambo. Zikafika poipa, asodzi amanyamula maukonde kupita ku Chiuta, ku Malombe kapena ku Nyanja ya Malawi, n'kudzabwerera akamva kuti madzi afika. Umu ndi momwe nyanja yosaya chonchi inathera, m'zaka zake zabwino, kudyetsa matemba ouma misika ya ku Zomba, Limbe ndi Mulanje, ndi kupereka gawo lalikulu la nsomba zogwidwa m'dziko muno.

Wina anganene kuti ngati zili choncho palibe chodetsa nkhawa, pakuti madzi saiwala khwawa. Mwambiwu ndi woona pa madzi, koma sulonjeza kuti nsomba nazo zibwera. Nsomba zimabwerera pokhapokha ngati zinapeza pobisala, ndipo malo obisalawo ndi amene akuwonongeka. Mitengo ikutha m'mapiri a Zomba, Malosa ndi Mulanje kumene mitsinje imachokera, dothi likukokoloka n'kukwirira maiwe. Ulimi wothirira, kuyambira masikimu a mpunga a Domasi ndi Likangala kufikira madimba a m'mphepete mwa mitsinje, ukupatutsa madzi m'chilimwe, nthawi yomwe matemba amawafuna kwambiri. Njedza zikuotchedwa kuti papezeke minda. Njala ikavuta, ena amathira katupe m'maiwe n'kupha nsomba zonse pamodzi ndi mbewu yomwe. Taonaninso zaka: pakati pa 1968 ndi 1995 panadutsa zaka 27, pakati pa 1995 ndi 2012 zaka 17, ndipo kuchoka apo kufika 2018 zaka 6 zokha. Luso la matemba n'loti apirire chilala chobwera mwa apo ndi apo, nthawi yochira ilipo.

Ena amati mankhwala ake n'kukumba nyanjayi kuti ikhale yakuya isamaphwenso. Maganizowa amachokera pa chifundo, koma akuphonya gwero la chuma cha Chilwa. Kusefukira ndi kuuma kwa dambo ndiko kumavunditsa udzu ndi ndowe za ziweto n'kubweza chonde m'madzi, n'chifukwa chake nsomba zimaswana kwambiri madzi akangobwerera. Nyanja yosasintha ikanakhala yosauka kuposa iyi. Chovuta chenicheni, chimene sitingachipeputse, ndi cha munthu amene ana ake agona ndi njala dziwe lodzaza milamba lili pafupi. Kumuuza kuti asiye nsombazo popanda kumupatsa china n'kulankhula kwa wokhuta. Komabe mbiri ili ndi yankho. Nyanja itaphwa mu 1995, mafumu, asodzi ndi a nthambi ya zausodzi anagwirizana zolondera maiwe a m'mitsinje, ndipo makomiti a m'madoko anakhazikika kuyambira nthawi imeneyo. Lamulo limene eni dera alipanga okha limasungidwa kusiyana ndi lochokera kutali, makamaka ngati likubwera ndi thandizo la chakudya m'chaka cha chilala.

Chilwa inalembedwa pa mndandanda wa madambo ofunika padziko lonse pansi pa pangano la Ramsar, ndipo mu 2006 bungwe la UNESCO linaiika m'gulu la malo osungirako zamoyo. Ulemu umenewu sudzasunga temba ngakhale limodzi ngati ntchito yoteteza ithera pa kulanda maukonde padoko. Iyenera kukwera mitsinje mpaka kumapiri: kubzala ndi kusamala mitengo kumagwero, kusiya madzi okwanira m'mitsinje m'chilimwe, kuleka kulima mpaka m'mphepete penipeni, kusunga njedza, ndi kulemekeza nyengo yotseka nyanja pamene nsomba zikuswana. Chilwa idzaphwanso, ndipo palibe boma lingaletse zimenezo. Chimene chili m'manja mwathu n'choti ikadzaphwa, maiwe a Likangala, Domasi ndi Phalombe adzakhale adakali ndi madzi ndi nsomba. Mafumu, alimi a mpunga, asodzi ndi akuluakulu a maboma atatuwa ayambe ntchitoyi tsopano, nyanja idakali ndi madzi.