Mafilimu a Masewera Ocokera pa Nkhani Zoona: N'cifukwa Ciyani Amatiliritsa?

Madzulo, nchito zakumunda zikatha, anthu ambiri kuno ku Chiputo amakonda kuonera filimu. Ena amapita ku kanyumba ka kanema kumsika. Ena amaunjikana pa foni imodzi pakhonde. Filimu ya nkhondo kapena ya karate imadzetsa phokoso. Koma pali mtundu wina umene umakhalitsa anthu cete. Ndi filimu ya munthu wosauka amene akulimbikira masewera mpaka kupambana. Ikamatha mumaona bambo wamkulu akupukuta m'maso, kwinaku akunamizira utsi.

Nkhani ino ikufotokoza mafilimu amenewa, mmene anthu amawalandirira, ndi zoyenera kukumbukira tikamaonera.

Kodi ndi mafilimu otani?

Mafilimu a nkhani zoona alipo mitundu iwiri. Mtundu woyamba umaonetsa anthu enieni. Iwo amalankhula okha, ndipo timaona zithunzi zakale za zimene zinacitika. Mtundu waciwiri ndi sewero. Nkhani ndi yoona, koma amene tikuwaona ndi akatswiri a zisudzo amene alowa m'malo mwa eni nkhani.

Sewero lotere likamayamba, pamabwera mawu olembedwa. M'Cipwitikizi amalemba kuti "baseado em factos reais". M'Cingelezi amalemba kuti "based on a true story". Tanthauzo lake n'lakuti filimuyo yacokera pa zinthu zimene zinacitikadi. Mvetsani bwino apa. Akuti "yacokera". Sakunena kuti ciliconse cimene muone cinacitika momwemo. Moyo wa munthu ndi wa zaka zambiri, pamene filimu ndi ya maola awiri basi. Conco opanga filimu amasiya zina, amafupikitsa zina, ndipo zina amawonjezera okha.

N'ciyani cimatigwira mtima?

Mafilimu ambiri otere amayenda njira imodzi. Poyamba timaona munthu wonyozeka, wopanda nsapato, wopanda womukhulupirira. Kenako pamabwera mphunzitsi amene waona luso mwa iye. Pakati pa filimu munthuyo amagonja, mwina kuvulala, mpaka kufuna kusiya. Pamapeto pamabwera mpikisano waukulu.

Pa mpikisano womalizawo opanga filimu amacita zinthu mwadala. Amaika nyimbo yokwera pang'onopang'ono. Amacedwetsa zithunzi kuti mpira uoneke ukuyenda mwakacetecete. Amationetsa nkhope ya mayi ake akupemphera. Zonsezi n'zoti mtima wa woonera ugunde. Ndipo popeza tauzidwa kale kuti nkhaniyi ndi yoona, timamva ngati tikuonera m'bale wathu. Ambiri a ife umphawi timaudziwa. Munthu wonyozeka akapambana, timamva ngati tapambana ndife.

Kulira ndi kusangalala nthawi imodzi: Chipolopolo

Boma lathu la Maravia lili m'malire ndi Zambia, ndipo ambiri tili ndi acibale kutsidyako. N'cifukwa cake nkhani ya timu ya Zambia, Chipolopolo, si yacilendo kwa ife.

Pa 27 Epulo 1993, ndege imene inanyamula timuyi inagwera m'nyanja itangonyamuka ku Libreville, m'dziko la Gabon. Timuyi inali pa ulendo wokasewera ndi Senegal. Anthu onse 30 anafa, ndipo 18 mwa iwo anali osewera mpira. Anaikidwa m'manda pafupi ndi bwalo la Independence ku Lusaka. Kalusha Bwalya anapulumuka cifukwa nthawiyo ankasewera ku Netherlands, ndipo anali kuyenda ulendo wakewake.

Pa 12 Febuluwale 2012, Zambia inafika m'ndime yomaliza ya cikho ca Africa. Masewerawo anacitikira mumzinda womwe uja wa Libreville. Asanasewere, anyamata anapita kugombe la nyanja kukaika maluwa pokumbukira anzawo. Masewera ndi Côte d'Ivoire anatha popanda cigoli. Pa mapenate Zambia inapambana 8 kwa 7, ndipo penate yomaliza anamenya ndi Stoppila Sunzu.

Nkhaniyi ili mu filimu yochedwa Eighteam, imene anaikonza ndi Juan Rodriguez-Briso wa ku Spain. Dzinali likucokera pa nambala 18: osewera 18 anafa, panadutsa zaka zoposa 18, ndipo mapenate onse anali 18. Filimuyi ndi ya mtundu woyamba uja, wa anthu enieni. Kwa munthu amene akukumbukira maliro a 1993, kuonera nkhani imeneyi si cisangalalo cabe. Cimwemwe ca 2012 cimabwera pamodzi ndi cisoni. Tizikumbukira kuti kumbuyo kwa filimu yotere kuli akazi amasiye ndi ana amene anakula opanda bambo.

Ena amalimba mtima: Queen of Katwe

Queen of Katwe ndi sewero limene linatuluka mu 2016. Analikonza ndi mayi Mira Nair. Limanena za Phiona Mutesi, mtsikana wa ku Katwe, dera la anthu osauka mumzinda wa Kampala ku Uganda. Bambo ake anamwalira iye ali wamng'ono. Anasiya sukulu n'kumagulitsa cimanga mumsewu. Tsiku lina anatsatira mcimwene wake kumalo kumene Robert Katende ankaphunzitsa ana masewera a chess, amene m'Cipwitikizi amati xadrez. Ndi masewera a nzeru, ngati nsolo kapena bawo. Kumeneko ana ankalandiranso phala. Phiona anaphunzira msanga, ndipo mu 2010 anakaimira Uganda pa mpikisano wa maiko ku Russia.

Oonera ambiri anaikonda filimuyi cifukwa inaonetsa banja la mu Africa mwaulemu. Mayi ake a Phiona ndi osauka, koma ndi olimba ndiponso osamala ana awo. Kumapeto, osewera a mu filimu amaima pambali pa anthu enieni aja. Apa ndi pamene ambiri misozi imatsika.

Koma odziwa chess amakumbutsa cinthu cimodzi. Phiona anali katswiri kwawo ku Uganda, koma sanafike pa akatswiri akuluakulu a dziko lonse. Masewera anamutsegulira citseko, iye n'kubwerera kusukulu. Mu 2017 anayamba maphunziro pa yunivesite ku America. Woonera amene wangoona cikho, osaona sukulu, waona theka la nkhani.

Ena amakayikira: Invictus

M'kanyumba ka kanema simulephera kukhala munthu wonena kuti, "Aaa, izi ndiye awonjezera!" Munthu wotere tisamuthamangitse. Nthawi zina amakhala akunena zoona.

Citsanzo ndi Invictus, filimu ya mu 2009. Imanena za Nelson Mandela ndi timu ya rugby ya South Africa. Mu nthawi ya tsankho, anthu akuda ambiri ankadana ndi timuyi cifukwa inali ngati cizindikiro ca azungu. Mandela atakhala pulezidenti mu 1994 anasankha kuikumbatira. Pa 24 Juni 1995, South Africa inagonjetsa New Zealand 15 kwa 12 ku Johannesburg, n'kutenga cikho ca dziko lonse. Mandela analowa m'bwalo atavala malaya a timuyo, okhala ndi nambala 6, ya kaputeni Francois Pienaar. Zimenezi zinacitikadi.

Anthu ambiri anakhudzidwa poona akuda ndi azungu akukumbatirana. Koma ena anati filimuyi inapeputsa zinthu. M'timu yonse ija, Chester Williams yekha ndiye sanali mzungu. Ndipo tsiku limodzi la cisangalalo silinathetse kusiyana kwa olemera ndi osauka. Amene munapitako ku Joni kukafuna nchito mukudziwa zimenezi. Filimu imathera pa cikho, koma moyo umapitirira mawa lake.

Nthawi zina mwini nkhani amadandaula

The Blind Side inatulukanso mu 2009. Imanena za Michael Oher, mnyamata wakuda wa ku Memphis ku America, amene analibe pokhala penipeni. Banja lolemera la azungu, la a Tuohy, linamutenga kukhala naye. Pambuyo pake iye anakhala katswiri wa mpira wa ciAmerica. Filimuyi inakondedwa kwambiri, ndipo Sandra Bullock, amene anasewera ngati mayi wa banjalo, analandira mphoto ya Oscar.

Koma Oher mwiniwake sanasangalale ndi mmene anamuonetsera. Ananena kuti filimuyo inamuonetsa ngati munthu wopanda nzeru, wosadziwa masewera mpaka ena atamuphunzitsa. Mu Ogasiti 2023 anapita kukhoti. Anati banjalo silinamutenge kukhala mwana wawo mwalamulo, koma anasainitsidwa pepala lopatsa iwo mphamvu pa nkhani zake za ndalama. Banjalo linakana kuti linamudyera masuku pamutu. Mwezi wotsatira woweruza anathetsa mphamvu ya pepalalo. Anthu ambiri amene analira poonera filimuyi anadabwa kwambiri.

Pano pali maphunziro awiri. Loyamba, filimu ingakome kwa ife koma n'kumupweteka mwini nkhani. Laciwiri ndi la ife amene taphunzira kuwerenga titakula: pepala lililonse, ngakhale akupatseni ndi munthu wokukondani, liwerengeni kaye musanasaine. Ngati mawu ake ndi ovuta, funsani wina wapadera akufotokozereni.

Nanga za kuno ku Mozambique?

Nafenso tili ndi nkhani zotere. Eusébio anabadwira ku Mafalala, mumzinda umene lero ndi Maputo, mu 1942. Mu Disembala 1960 anapita ku Lisbon kukasewera m'timu ya Benfica. Timu ya Sporting inkamufunanso, conco pokonza ulendowo anamubisa ndi dzina la mkazi lakuti Ruth Malosso. Nkhaniyi ili mu sewero lochedwa Ruth, la mu 2018, lopangidwa ku Portugal. Mukamaonera, dzifunseni kuti akusimba ndani. Nthawi imeneyo dziko lathu linali m'manja mwa atsamunda, ndipo zigoli 9 zimene Eusébio anamwetsa pa cikho ca dziko lonse mu 1966 zinali za Portugal.

Taganiziraninso za Maria de Lurdes Mutola. Anabadwira ku Chamanculo mu 1972, ndipo ali mwana ankasewera mpira ndi anyamata. Mlakatuli José Craveirinha ndi amene anamulimbikitsa kuyamba kuthamanga. Anapita ku Olimpiki koyamba mu 1988 ali ndi zaka 15, koma sanapambane. Mu 1992 anakhala wacisanu pa mtunda wa mamita 800. Mu 1996 anakhala wacitatu. Mendulo ya golide, yoyamba ya dziko lathu, anaipeza ku Sydney mu 2000.

Tiyerekeze kuti inu mukupanga filimu ya Mutola. Liwiro la ku Sydney linatenga mphindi zosakwana ziwiri. Koma kucokera 1988 kufika 2000 ndi zaka 12. Kodi zaka zonsezo mungazionetse bwanji m'maola awiri? Mungaike nyimbo imodzi, iye akuthamanga m'mamawa, basi zaka zatha. Umu ndi mmene filimu imapangitsira cinthu covuta kuoneka capafupi.

Tiziwaonera bwanji?

Kulira poonera filimu si kupusa. Kulimba mtima cifukwa ca nkhani ya munthu wina n'kwabwino. Vuto limabwera mwana akatuluka m'kanyumba ka kanema n'kunena kuti, "Amayi, sukulu ndasiya, ine ndidzalemera ndi mpira." Filimu imasankha munthu mmodzi amene anapambana. Anzake ambirimbiri amene ankasewera naye, ena aluso ngati iye, sitiwaona. Ena anavulala, ena anasowa wowathandiza.

Mwana wotere musamukalipire. Khalani naye pansi, mukambirane filimuyo. Mufunseni kuti anathandiza katswiriyo ndani. Phiona anali ndi mayi ake ndi Katende. Mutola anali ndi Craveirinha. Mutu umodzi susenza denga. Mufunsenso kuti zinatenga zaka zingati, ndiponso kuti katswiriyo anagonja kangati. Kenako mugwirizane: mpira asewere, kusukulu apite.

Inunso gwiritsani nchito luso lanu latsopano. Filimu ikatha musafulumire kudzuka. Mafilimu ambiri otere amalemba kumapeto zimene zinacitikira anthu enieni aja. Werengani mawu amenewo, ndipo muwerengerenso mnzanu amene sanayambe sukulu ya akuluakulu. Ngati alembedwa m'cilankhulo cimene simucidziwa, lembani dzina la munthuyo ndi caka papepala. Mukabwere nalo m'kalasi, tidzafufuze pamodzi.

Mafunso okambirana m'kalasi

1. Kodi mawu akuti "yacokera pa nkhani yoona" akusiyana bwanji ndi akuti "zonse ndi zoona"?
2. Kodi nambala 18 ikutanthauza ciyani pa nkhani ya Chipolopolo?
3. N'cifukwa ciyani Michael Oher sanasangalale ndi filimu yonena za iye?
4. Ganizirani munthu wa m'mudzi mwanu amene analimbikira mpaka kupambana pa cinthu cina. Lembani ziganizo zisanu zofotokoza nkhani yake. Musaiwale kuchula amene anamuthandiza.