Maluwa a m'Chigwa cha Shire: Mmene Anafikira pa Makomo Athu

Munthu akamatsika mapiri kuchokera ku Blantyre, msewu ukukhotakhota kulowera pa Thabwa, kutentha kumamulonjera asanauone n'komwe mtsinje wa Shire. Mu Okutobala ndi Novembala kuno kumatentha kupitirira madigiri 40. Mvula imagwa yochepa, ndipo ikati igwe yambiri imabwera ndi madzi osefukira. Chilimwe chonse mbuzi zimangodziyendera, pansi pali chiswe, madzi a mijigo ina ndi amchere. Duwa lililonse limene mungalione pakhomo ku Chikwawa kapena ku Nsanje lapulumuka zonsezi, ndipo nthawi zambiri silinagulidwe ndi ndalama. Linachita kupemphedwa kwa munthu.

Amang'anja akale sankalima maluwa okongoletsa. Anali ndi munda wa kumtunda, mphala, wodalira mvula, momwe ankalimamo mapira ndi mchewere; analinso ndi dimba m'mbali mwa mtsinje, pamene madzi akaphwa amasiya dothi lachonde lobzalapo chimanga, maungu, nyemba ndi mbatata. Katswiri wa mbiri Elias Mandala, m'buku lake la 1990 lonena za chigwachi, anaonetsa kuti moyo wa kuno unkayenda ndi minda iwiriyi: wina ukakanika, wina unkapulumutsa banja. Mlendo wokondedwa ankapita naye kudimba, ndipo ankabwerera kwawo ndi dzungu kapena mtolo wa kholowa. David Livingstone ndi John Kirk atakwera Shire mu 1859 anapeza anthu akulimanso thonje lawolawo n'kumaomba nsalu. Kirk, amene anali katswiri wa zomera, ankatola masamba ndi maluwa n'kumatumiza ku Kew, ku London, ndipo lero kuli mtengo wa m'madera otentha umene asayansi amautchula kuti Kirkia, potengera dzina lake.

Maluwa analipo, koma anali a m'tchire ndi a m'madzi. Mvunguti umatulutsa maluwa akuluakulu ofiira moderako amene amatseguka usiku, mileme n'kumawazungulira, m'mawa nyama za m'tchire n'kumadya amene agwa pansi. Ku Lengwe kuli kachitsamba konenepa tsinde, kamene Azungu amakatchula kuti impala lily, kamene kamachita maluwa oyera a m'mphepete mofiira nthawi ya chilimwe kalibe ndi tsamba limodzi lomwe. Koma duwa lenileni la chigwachi, kwa ine, ndi la nyika. Mlendo wokwera bwato m'dambo la Elephant Marsh kapena la Ndindi amaona maluwa okongola atayala pamwamba pa madzi, n'kutulutsa foni kuti ajambule. Munthu wa ku Nsanje amaona zimene zili pansi pa matope. Chaka cha njala amayi amalowa m'madzi momwe muli ng'ona kukazula nyika, kuiphika kapena kuiyanika n'kuisinja. Ukamva kuti anthu ayamba kudya nyika tsiku ndi tsiku, dziwa kuti m'nkhokwe mulibe kanthu.

Maluwa achilendo analowa m'dziko muno kudzera pa Shire, koma poyamba ankangodutsa. Sitima zapamadzi zinkatsitsa katundu pa doko la Katunga, pafupi ndi Chikwawa, amtengatenga n'kusenza kukwera naye mapiri. Njira imeneyi ndi imene anadutsa Jonathan Duncan mu 1878 ndi mbande za khofi zochokera ku munda wa zomera wa ku Edinburgh, akupita ku Mishoni ya Blantyre. Mu 1891 Alexander Whyte anayambitsa munda wa zomera ku Zomba, momwe ankayeseramo mbewu ndi maluwa ochokera kutali. Azungu ankathawira kozizira; kuchigwa ankakuona ngati kwa malungo, kongodutsa msanga. Madzi a mu Shire atachepa, doko linasamukira ku Chiromo, kenaka ku Port Herald, komwe ndi Nsanje lero, ndipo njanji yopita ku Blantyre inatha kumangidwa mu 1908.

Pa maboma, pa masiteshoni a njanji ndi pa mamishoni ndi pamene panayamba kuoneka zomera zimene zinakana kufa. Bougainvillea kwawo ndi ku South America, ndipo dzina lake linachokera kwa Louis Antoine de Bougainville, Mfalansa amene anazungulira dziko pa sitima m'zaka za 1766 mpaka 1769. Flamboyant, mtengo umene umafiira wonse mvula ikayandikira, unachokera ku Madagascar. Frangipani ndi wa ku Central America. Ma rozi, amene amasangalala ku Zomba ndi ku Thyolo, kuno amangovutika.

Kusintha kwakukulu kunadza ndi nzimbe. Kampani ya Lonrho itatsegula esiteti ya SUCOMA ku Nchalo pakati pa zaka za m'ma 1960, imene Illovo inadzaitenga mu 1997, anthu anaona zimene madzi opopa mu Shire angachite: nyumba za mabwana zokhala ndi kapinga wobiriwira mu Okutobala, mipanda ya maluwa yodulidwa mosalala, bwalo la gofu pakati pa chigwa chouma. Kunena zoona, dimba lotere si la aliyense, chifukwa limamwa madzi amene banja la kumudzi silingawatunge pamutu. Komabe wogwira ntchito m'maluwa akamadulira mpanda, nthambi zina sizinkapita kudzala. Zinkapita kunyumba panjinga, ndipo kuchoka pamenepo zinkayenda khomo ndi khomo.

Mpaka lero zimayenda choncho. Mlendo akamwa thobwa n'kutsazika, mwini khomo amamuperekeza, ndipo pakhonde pomwepo nkhani imayamba. "Achemwali, ndithyoleko kanthambi aka ndikayese kwathu?" "Thyolani, koma mukakasiye pamthunzi masiku angapo kaume pothyokapo, mukangokabzala lero kaola." Ameneyo ndi frangipani, ndipo malangizowo ndi oona. Kanthambiko amakabzala m'chigubu chodula pakati kapena m'ndowa yobooka, momwe athiramo dothi la pachulu losakaniza ndi manyowa a mbuzi zomwe zija. Madzi ake ndi otsukira mpunga kapena otsala potsuka mbale. Chigubucho amachiika pamwamba pa njerwa, kapena kuchitchinga ndi minga ya masau. Koma maluwa amabwera pambuyo. Womanga nyumba yatsopano amayamba wabzala nimu, mtengo wa ku India umene wadzaza chigwa chonse chifukwa cha mthunzi wake, kenaka sangowa, amene ena amati chamwamba, woti masamba ake ndi ndiwo. Pakhomo popanda mthunzi mlendo sakhalitsa, ngakhale patakhala maluwa otani.

Kupatsana maluwa kwabweretsanso tsoka. Namasupuni, chomera choyandama pamadzi, kwawo ndi ku mtsinje wa Amazon, ndipo anthu anamufalitsa m'maiko ambiri chifukwa cha duwa lake lofiirira, n'kumamuika m'madamu okongoletsa. Anaoneka kumunsi kwa Shire chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Amaswana msanga, amatseka njira za mabwato, amakola maukonde, ndipo kumtunda kwa mtsinje wakhala akusokoneza makina a magetsi ku Nkula. M'zaka za m'ma 1990 akatswiri anabweretsa tizilombo todya chomerachi tochokera kwawo komweko, ndipo tinathandizako, koma namasupuni sanathe. Lantana, kachitsamba ka timaluwa tamitundumitundu kamene ambiri amakakonda pampanda, nakonso kakathawira kutchire kamaphimba msipu wa ziweto.

Zaka zaposachedwazi madzi aonjeza. Kusefukira kwa mu Januwale 2015, namondwe Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023 anakokolola nyumba ndi madimba ku Makhanga, ku Bangula ndi m'madera ena ambiri, ndipo mabanja ena anasamutsidwira kumtunda komwe ayambiranso kubzala pa nthaka yopanda kanthu. Nthawi yomweyo ngalande yaikulu ya Shire Valley Transformation Programme yakhala ikukumbidwa kuchokera ku Kapichira, kuti madzi a mu Shire azitsika okha kukathirira minda popanda kupopa. Cholinga chake ndi ulimi wa malonda, osati maluwa. Koma zimene zinachitika ku Nchalo zikusonyeza kuti midzi imene ngalandeyi yadutsamo ndi imene idzayambe kukhala ndi nazale, ndipo anthu a kutali ndi madzi azidzapita kumeneko kukapempha mbande.