Nkhalango ya Phiri la Thyolo: Inatha Bwanji, Nanga Yotsalayo Aisunga Ndani?

Munthu wochokera ku Limbe akamalowa m'boma la Thyolo amaona minda ya tiyi yobiriwira mbali zonse, ndipo angaganize kuti dera lino silinatayepo mtengo. Koma akakweza maso kuyang'ana phiri la Thyolo amaona minda ya chimanga ndi nthochi pamalo pamene panali nkhalango yowirira. Kutha kwa nkhalango imeneyi sikunayambe ndi nkhwangwa. Kunayamba ndi nkhani ya malo.

Mu 1891 dziko lino linakhala pansi pa ulamuliro wa Britain. Kuyambira mu 1892, Harry Johnston anayamba kupereka zikalata zotchedwa Certificates of Claim kwa Azungu amene ankati anagula malo kwa mafumu. Malo ambiri achonde a kumapiri a Shire anapita m'manja mwa anthu owerengeka. Tiyi anayamba kulimidwa ngati malonda ku Mulanje m'zaka za m'ma 1890, ndipo pambuyo pake anafika ku Thyolo. Alomwe ambiri ochokera ku Mozambique anakhazikika m'maesiteti, namalipira malo okhala ndi thukuta lawo pa ntchito ya thangata. Anthu ankachuluka, koma malo a midzi sankakula. Mkwiyo unaphulika mu Ogasiti 1953 pamene zipolowe zinabuka ku Thyolo ndipo anthu anaphedwa.

M'nthawi yomweyo ya atsamunda, boma linaika phiri la Thyolo m'gulu la nkhalango zotetezedwa ndi lamulo. Cholinga chinali chabwino, pakuti mitsinje imachokera m'mapiri. Komabe kwa munthu wamba, nkhalango inasanduka esiteti ina, ya boma, imene sanafunsidwe poikhazikitsa ndipo sankapindula nayo poyera.

M'nkhalangomo munali chuma chimene ambiri a ife sitinachidziwe. Mu 1927 akatswiri a mbalame analemba za kambalame kachilendo kopezeka m'phirili, ndipo mpaka lero dziko lonse limakatchula kuti Thyolo Alethe. Kamapezeka m'mapiri ochepa okha a kum'mwera kwa Malawi ndi kumpoto kwa Mozambique, monga Mulanje, Namuli ndi Mabu. Kamadya tizilombo tothawa mzere wa linthumbu pansi pa mitengo ikuluikulu, choncho sikangakhale m'munda wa chimanga kapena wa bulugamu.

Ulamuliro wa chipani chimodzi utatha mu 1994, mantha amene ankatchinga nkhalango anathanso. Anthu osowa minda anakwera phiri, nagwetsa mitengo, natentha makala, nabzala mbewu. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, pafupifupi nkhalango yonse yotetezedwa inali itapita. Sitinganene kuti anthuwa anali oipa mtima. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 720,000 m'boma la Thyolo, ndipo ambiri amalima kadimba kosakwanira kudyetsa banja. Koma njala ya malo sinathe ndi kugwa kwa mitengo. Nthaka ya m'mapiri imakokoloka msanga, ndipo namondwe wa Freddy mu Marichi 2023 anationetsa kum'mwera konse zimene matope amachita akatsika paphiri.

Nanga zidutswa za nkhalango zimene zatsala zili kuti? Zambiri zili m'maesiteti a tiyi, monga Satemwa, imene Maclean Kay anaiyambitsa mu 1923. Kumeneko mitengo yachilengedwe inasiyidwa m'mbali mwa mitsinje ndi m'zigwa, ndipo alendo okonda mbalame amabwera kudzaziona. Zina zili kumanda a m'midzi, kumene palibe amene amalowa ndi nkhwangwa popanda chilolezo cha mfumu. Malo awiriwa ndi osiyana kwambiri, koma akufanana pa chinthu chimodzi: ali ndi mwini wodziwika. Esiteti imalipira alonda. Mudzi umalondera ndi ulemu. Nkhalango ya boma inali ndi lamulo lokha, ndipo pepala silinathe kuilondera.

Anansi athu a ku Mulanje anayesa njira ina. Phiri lawo, limene linatetezedwa mu 1927, ndi kwawo kwa mkungudza, mtengo wa fuko lathu. Kumeneko kunakhazikitsidwa bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust, limene kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 linalandira madola a ku America oposa 5 miliyoni kuchokera ku Global Environment Facility kudzera ku World Bank. Ndalamazo zinaikidwa m'thumba losatha, kuti phindu lake lokha ndilo lizigwira ntchito chaka ndi chaka: kulambula njira zotchinga moto, kufesa mbande ndi kuthandiza midzi yozungulira. Nzeruyi ndi yabwino, koma mkungudza unapitirirabe kudulidwa mozemba mpaka mitengo ikuluikulu inatsala pang'ono kutheratu. Ndalama yochokera kutali imagula zipangizo, koma siipangitsa munthu kunena kuti nkhalango iyi ndi yanga.

Lamulo la nkhalango la 1997 limalola mudzi kupatula malo akeake a nkhalango ndi kusankha komiti yowayang'anira. Kusonkha sitikuphunzira lero. Timasonkha pa maliro, pa ukwati, pomanga sukulu ndi nyumba zopemphereramo, ndipo amayi amasunga ndalama m'mabanki a m'mudzi mwadongosolo. Mudzi umene ungasonkhe kuti ulipire mlonda, ugule machubu a mbande ndi kupachika ming'oma ya njuchi m'mphepete mwa mtsinje, udzafunsa ndithu ukamva nkhwangwa ikulira usiku, chifukwa ndalama yake ili momwemo. Eni maesiteti, amene amafuna madzi ndi mvula kuposa wina aliyense, ayenera kuikapo gawo lawo, ndipo boma lisaleke kufunafuna yankho la mabanja osowa minda.

Mutu umodzi susenza denga. Mitengo ya phiri la Thyolo inatenga zaka mazana kuti ikule, ndipo inagwa m'zaka zosakwana makumi awiri. Imene tingabzale lero idzapereka mthunzi kwa zidzukulu zathu, koma akasupe amene akadali ndi mitengo tikhoza kuwatchinjiriza chaka chino.