Mbiri ya liu lacingelezi lochedwa "do"

Anzanga akumva, inu a ku migodi ndi a m'makomboni amene muphunzira Cingelezi pa sukulu ya madzulo, ndidziwa kuti funso ili lakuzunguzani: "What do you do?" Mau ndi anai okha, koma "do" alimo kawiri. Waciwiriyo ndiye mwini nchito, ndipo atanthauza kucita. Woyambayo alibe tanthauzo lacelace. Angoimirira ngati kapitao wosagwira fosholo, kuti funso liyende.

Sizinali comweci kale. Zaka 1,000 zapitazo liuli linali kutanthauza kucita kapena kucititsa. Mngelezi pofunsa anali kungotsogoza mneni, nati "Know you?", monga acitirabe Ajeremani m'cinenero cao. Ngakhale m'masiku a Shakespeare munthu anali kukana ndi mau akuti "I know not."

"Do" wopanda tanthauzoyu ayamba kuoneka m'zolembedwa za kum'mwera cakumadzulo kwa England m'zaka za m'ma 1200. Akatswiri ena ati Angelezi anatengera kwa anansi ao a ku Wales ndi Cornwall, amene zinenero zao zigwiritsa nchito liu la kucita mwa njira yotere. Ena ati anacokera ku "do" wa kucititsa uja. Mlanduwo ukali pabwalo.

Cimene cidziwika bwino ndico kukula kwace. Alvar Ellegård wa ku Sweden anawerenga mabuku akale ambirimbiri, nawerengera ziganizo cimodzi cimodzi, nafalitsa zimene anapeza mu 1953. Anaona kuti pafupi ndi caka ca 1550 "do" anacuruka koposa, nalowa ngakhale m'ziganizo zongosimba nkhani, momwe munalibe funso kapena kukana. Pambuyo pace anabwerera m'mbuyo m'ziganizo zotere, koma m'mafunso anazika mizu. Shakespeare anali kulemba njira zonse ziwiri monga anafunira, ndipo Baibulo la Mfumu James la 1611 linasunga kwambiri njira yakale. Pofika ca m'ma 1700 lamulo limene aphunzitsi amatikalipira nalo linali pafupi kukhazikika.

Ife tiri ndi "kodi" pofunsa ndi "si" pokana, cotero sitisowa kapitao wotere. Komabe tisamaseke Angelezi msanga. Mai akati "Mwanayu ndinacita kumkoka kuti apite ku sukulu," kucita kumeneko kwangolimbitsa mau, monga "do" alimbitsira mau a Mngelezi wokanidwa akati "I did tell him!"