Kubweza commit yolakwika m'nkhokwe ya Git ya anthu ambiri

Commit ndi chithunzi cha mafayilo a pulojekiti monga analili pa nthawi imene wolemba mapulogalamu anawasunga mu Git, chida chimene Linus Torvalds anayamba kupanga mu Epulo 2005 kuti chizisunga mbiri ya Linux. Commit iliyonse ili ndi chizindikiro chakechake, chomwe kawirikawiri chimakhala cha zilembo ndi manambala 40, ndipo imaloza kholo lake, commit imene inaitsogolera. Mbiri yonse imalumikizana ngati unyolo, moti ukasintha commit imodzi, zizindikiro za zonse zobwera pambuyo pake zimasinthanso. Vuto la kubweza cholakwa m'nkhokwe yogawana lagona pamenepa.

Ngozi zake ndi zodziwika. Wina amalemba `git add .` ali pa liwiro, n'kukokera mafayilo osafunika. Wina amasunga ntchito yosatha pa nthambi yaikulu ya main poganiza kuti ali pa nthambi yake. Chochita chimadalira funso limodzi: kodi commit ija yatumizidwa kale ku seva, kapena ikadali pa kompyuta ya mwini wake?

Ikakhala kuti sinatumizidwe, nkhani njosavuta. Lamulo la `git commit --amend` limakonza commit yomaliza, pomwe `git reset --soft HEAD~1` limabweza nthambi sitepe imodzi koma ntchito yonse n'kukhala ilipo. Lofunika kulisamala ndi `git reset --hard`, chifukwa limafufutanso zosintha zimene sizinasungidwe. Commit yotayika mwangozi imapezeka ndi `git reflog`, kaundula wa paliponse pamene HEAD, cholozera commit imene munthu alipo, yadutsa. Git ikasiyidwa mmene imabwerera, zolembedwa m'kaundulayu zimakhala masiku 90, koma zoloza commit imene silinso pa nthambi zimakhala masiku 30.

Commit ikafika ku seva, si ya munthu mmodzinso. Anzake angakhale ataikoka kale n'kumangapo ntchito yawo. Apa njira yoyenera ndi `git revert`, imene sifufuta kanthu koma imapanga commit yatsopano yotembenuza zimene yolakwikayo inachita. Tiyerekeze kuti commit ya a3f9c21 inawonjezera mizere 12 n'kuchotsa iwiri: munthu akalemba `git revert a3f9c21`, Git imachotsa mizere 12 ija, imabwezeretsa iwiri ija, n'kutsegula uthenga woyamba ndi mawu akuti Revert kuti afotokoze chifukwa. Kenako amatumiza ndi `git push` monga mwa masiku onse. Cholakwa chimaonekabe m'mbiri, ndipo ena chimawachititsa manyazi, koma manyazi a tsiku limodzi ndi abwino kusiyana ndi kusokoneza ntchito ya anthu khumi.

Commit yophatikiza nthambi ziwiri ili ndi makolo awiri, choncho Git imafuna kuuzidwa mbali yotsalira, mwachitsanzo `git revert -m 1`. Pali msampha pano umene umakola ngakhale akatswiri. Git imaonabe kuti nthambi ija inaphatikizidwa kale, ndiye ikadzaphatikizidwanso mtsogolo, zosintha zakale sizibwera. Kuti zibwere, pamafunika kubweza revert yomweyo.

Njira ina ndi kuchita reset kenako n'kukakamiza seva ndi `git push --force`. Mbiri ya pa seva imaoneka yoyera, koma makompyuta a anzake amakhalabe ndi commit ija, ndipo wina akaphatikiza ntchito yake n'kutumiza, cholakwa chimabwereranso. Choopsa kwambiri n'chakuti zimene mnzake anatumiza mphindi zochepa zapitazo zimatha kufufutika. Lamulo la `--force-with-lease` limachepetsako ngoziyi pokana kutumiza ngati nthambi ya pa seva yasuntha kuchokera pomwe kompyuta inaionera komaliza. GitHub ndi GitLab, mawebusaiti osungira nkhokwe za Git, amalolanso eni nkhokwe kuteteza nthambi kuti pasakhale wokakamiza.

Nkhani imasintha ngati cholowa mwangozicho ndi pasiwedi kapena kiyi wa seva. Revert siithandiza, popeza aliyense wotsegula commit yakale awerenga chinsinsicho. Zida ngati git filter-repo ndi BFG Repo-Cleaner zimalembanso mbiri yonse kuti fayilo ichokemo, ndipo zikatero aliyense ayenera kukopera nkhokwe mwatsopano. Komabe choyamba ndi kusintha pasiwedi ija nthawi yomweyo, chifukwa palibe chida chimene chingalowe m'makompyuta a onse amene anaikopera kale.

Mosiyana ndi Git, mu Subversion, chida cha ntchito yomweyi chimene chinatuluka Git isanabwere, mbiri imakhala pa seva imodzi ndipo wogwiritsa ntchito wamba sangaifufute. Kumeneko kubweza kusintha nambala 250 kumachitika ndi `svn merge -c -250 .` kenako `svn commit`, ndipo nambala 250 imakhalabe m'mbiri.